Makina Anga Pansi pa Katondo

Nyumba yathu yoyamba inali m'munsi mwa phiri la Zomba, pamalo otsetsereka, pafupi ndi msewu wokwera pamwamba uja. Abambo a ana anga ankagwira ntchito yodzala ndi kutengulira mitengo ya paini pamwamba pa phirilo, ndiye tinafuna malo oti azitha kukwera wapansi m'mawa. Ine ndinkasoka pakhonde. Makina anga anali akuda, olemera, opondera ndi mapazi, ndipo poyamba anali a mayi anga. Mayiwo anachoka nawo kwawo ku Mozambiki atangokwatiwa kumene, mutu wa makinawo atausenza, tebulo lake atalisiya komweko. Tebulo lina anachita kudzakhometsa kuno. Iwo atamwalira, abale anagwirizana kuti makinawo akhale ndi ine, poti mwa ana onse ndine ndinkakonda kukhala pambali pawo akamasoka.

Patapita zaka zingapo chiyambire matipate, kunagwa mvula yosakata masiku ambiri. Tsiku lina itachita ngati yapumira, ndinafunditsa makina anga chitenje n'kutsikira kumsika kukagula ulusi ndi mabatani. Ana anali kusukulu, abambo awo ali kuntchito. Pobwerera ndinaona anthu ataima mumsewu, onse akuyang'ana kwathu, ndipo mayi wina amene tinkatunga naye madzi anandigwira mkono ndisanafike. Nthaka ya kumtunda kwa nyumba yathu inali itagumuka. Dothi, miyala, nthochi ndi zitsa zinatsika pamodzi, zinakankha khoma la kumbuyo, zinatenga khonde lonse n'kulikwirira. Ena ankati wadutsa napolo wamng'ono. Ine ndinangokhala pansi pamatope pomwepo n'kuyamba kutchula ana anga mmodzimmodzi, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti ali kusukulu. Sanafe munthu, ndipo mpaka lero ndikamapemphera ndimayambira pamenepo.

Achemwali anga aakulu anatitenga kukakhala kwawo ku Likangala. Abambo a ana ndi anzawo anakumba masiku oyamba aja, napeza malata opindika, mapoto ndi mabulangete onyowa. Makina sanawapeze. Matope ankabwerera m'dzenje munthu asanaponye fosholo yachiwiri, ndipo mulu wa dothiwo unali utamwazika malo aakulu moti palibe ankadziwa pamene panali khonde. Anasiya, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ndinayamba kuthandiza achemwali kukazinga mandasi. Ntchitoyo ndinkaigwira, koma ndikakhala pampando ndinkapezeka kuti mapazi anga akupalasa okha pansi, ndipo achemwali akandiona ankayang'ana kumbali.

Amuna awo a achemwali, alamu anga, anali munthu wosalankhulalankhula. Nkhondo itatha kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, anapita kumeneko n'kukalowa ntchito yochotsa mabomba okwirira m'nthaka. Anabwerako patapita zaka, miyendo yonse iwiri ilipo, koma ali ndi chizolowezi choyenda akuyang'ana pansi ngakhale pamsewu wa tala. Atabwera anagula ku Blantyre chipangizo chakale chofunira zitsulo m'nthaka, ndipo ankathandiza nacho amisiri omanga kupeza mapaipi okwiririka ndi zikhomo za m'malire a mapuloti. Chinali ndi ndodo yaitali, kumunsi kwake kuli chinthu chozungulira ngati mbale, kumtunda kuli kabokosi ka mabatani opotokola ngati a wailesi, ndi zomvera zovala m'makutu. Mbaleyo ikadutsa pamwamba pa chitsulo, chinkalira.

Ine sindinawapemphe. Tsiku lina ndikutsuka chiwaya anaima pafupi n'kundifunsa ngati mutu wa makinawo unali wachitsulo chokhachokha. Nditavomera anati tidikire mvula ithe, nthaka iume, chifukwa dothi lonyowa limasokoneza chipangizocho. Anangonena zomwezo n'kumapita. Ndinakhala ndikuwerama pachiwayacho nthawi yaitali, chili choyera kale.

Anthu atayamba kukolola chimanga tinapita, ine, alamu ndi abambo a ana. Muluwo unali utauma, wofiira, udzu utayamba kumerapo. Alamu anavala zomvera zija, anayatsa chipangizo, ndipo asanayende n'komwe chinalira. Ndinalanda khasu m'manja mwa abambo a ana n'kuyamba kukumba ngati wamisala, koma ndinangotulutsa mwala wakuda, waukulu ngati chibakera. Titasuntha pang'ono chinaliranso, tinakumbanso, sitinapeze kanthu ngakhale mwala. Paliponse pamene mbaleyo inkadutsa pankamveka kulira, pena mokweza, pena monong'ona, osalekeza. Dzuwa lisanafike pamutu tinali titaboola maenje ambirimbiri ngati mwadutsa nguluwe, ndipo m'manja tinalibe ngakhale msomali.

Ndinafunsa ngati chipangizocho chawonongeka. Alamu anapukusa mutu. Anatulutsa m'thumba maginito amene anachotsa pa sipika ya wailesi yakufa, anawagudubuza m'fumbi, n'kundionetsa. Anali atamera timchenga takuda, tosongoka ngati ndevu.

“Mwaona alamu? Dothi ili lili ndi chitsulo chakechake. Kufiira kumeneku ndi dzimbiri. Chipangizochi sichikunama ayi, chikumva chitsulo ndithu, koma ndi chitsulo cha phiri. Makina anu akuyankhira pansi penipeni, ndiye mawu awo akumira m'phokoso la nthakayi.”

Anafotokoza kuti angathe kuchitontholetsa popotokola mabatani aja kuti chizolowere nthakayo, koma chikatero chimasiyanso kumva zakuya. Vuto linali loti sankadziwa kuti m'dothi limeneli chingamve mpaka pati, ndipo anati sangayambe kusesa mulu wonse asanadziwe zimenezo, chifukwa tikhoza kudutsa pamwamba pa makinawo n'kumati palibe. Tinabwerera ku Likangala chamanjamanja. Panjira abambo a ana anayesa kundiseketsa, ine sindinaseke.

M'mawa mwake alamu anabwereka simbi ya makala ya achemwali n'kundiuza kuti nditsagane nawo kumtsinje. Pamchenga woyera wa m'mbali mwa Likangala anakumba dzenje lopitirira chigongono, anaikamo simbiyo, anakwirira, n'kundiveka zomvera zija. Aka kanali koyamba kuzivala. Pamchenga wamba panali zii. Mbale itafika pamwamba pa simbi, kulira kwake kunali komveka bwino, kwakuthwa, koyamba ndi kutha pamalo amodzi. Anati ndikusunge kulira kumeneko m'mutu.

Loweruka lotsatira tinakwera phiri. Pamulu wa kunyumba paja sitikanayesera, poti pansi pake panali misomali ndi zidutswa za malata zomwe zikanatisokoneza. Abambo a ana ankadziwa malo pamwamba, pafupi ndi nazale ya mitengo, pamene dothi lake linali lofanana ndi lomwe linagumuka ndipo sipanamangidwepo nyumba. Ine ndinali nditakhala m'munsi mwa phirilo zaka zambiri koma pamwamba ndinali nditafikapo kamodzi kokha. Tinadutsa anyamata ogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. Kunkazizira, ndipo nkhungu inkayenda pakati pa mapaini mpaka dzuwa litakwera.

Alamu anayamba ndi kukweza ndi kutsitsa mbale ija pamwamba pa nthaka, uku akupotokola batani pang'onopang'ono, kufikira phokoso litachepa n'kutsala ngati kulira kwa udzudzu. Kenako abambo a ana anakumba dzenje lofanana ndi la kumtsinje lija, tinakwirira simbi. Ndinamvetsera ndi mtima wonse, koma sindinamve chilichonse chosiyana ndi paliponse. Simbi yomweyo, kuya komweko, chipangizo chomwecho. Tinaifukula, tinathira dothi pansi pa dzenje kuti ikwere, tinayesanso, osamveka. Tinapitiriza choncho mpaka simbiyo itatsala pakuya kongopitirira pang'ono chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo apo m'pamene inayankha, komabe mawu ake anali osasa, osati akuthwa ngati kumchenga kuja. Alamu anathyola kamtengo kotalika chimodzimodzi ndi kuya kumeneko n'kukaika m'thumba. Anati makina ndi aakulu kuposa simbi, mwina amveka patali pang'ono, koma tidalire kamtengoko.

Anandiphunzitsanso kusiyanitsa mwala ndi chitsulo. Anatola miyala yakuda ija n'kuikwirira apa ndi apo. Mwala unkalira motambalala, ngati mawu akuchokera paliponse, ndipo ukaudutsa kuchokera mbali ina kulirako kunkasintha kapena kusowa. Simbi inkayankha mofanana, uchokere uku kapena uko. Ndinalakwitsa kambirimbiri, iwo osatopa.

Titamaliza tinakhala pathanthwe kudya mbatata yowotcha imene achemwali anatimangira. Nkhungu inali itachoka, ndipo nyanja ya Chilwa inkaoneka patali, kuseri kwake kuli mapiri otuwa a ku Mozambiki. Alamu anayang'ana kumeneko nthawi yaitali. Kunyumba sankakamba za ntchito yawo yakale, ngakhale kwa akazi awo, koma tsiku limenelo anayamba okha. Anati kumeneko nthaka yofiira ndi imene ankaiopa kwambiri. Chipangizo chinkalira tsiku lonse, ndipo paliponse pamene chalira munthu ankayenera kugona chafufumimba n'kumafukula pang'onopang'ono ngati pali bomba. Ukafukula kambirimbiri n'kumangopeza miyala, thupi limayamba kukuuza kuti apanso ndi mwala. Mnzawo wina amene ankagona naye tenti imodzi anavulala chifukwa cha kutopa kotereko. Sananene kuti anavulala bwanji, ndipo ife sitinafunse. Abambo a ana anangowapatsa mbatata yomwe inatsala.

Njira inali imodzi yokha. Tinkayenera kusesa pamwamba pa mulu ndi chipangizo, kukumba pamene payankha ngati chitsulo, kenako kuchotsa dothi lonse kuya kwa kamtengo kaja, n'kuyambiranso. Kunali kusenda muluwo ngati chinangwa, ndipo anthu atatu sakanaitha ntchitoyo. Ndinachita manyazi kupempha, koma achemwali anakanena kumpingo kwathu, ndipo Loweruka lotsatira ndinangoona amayi akubwera ndi makasu, madengu ndi mabeseni. Ena anali oti ndinawasokerapo madilesi, ena sindinkawadziwa n'komwe. Anzawo a abambo a ana anabwera ndi mapiki ndi wilibala. Alamu anamanga zingwe kugawa muluwo m'tinjira, ndipo ankayenda m'kanjira kamodzi mpaka kumapeto asanalowe kena. Sankalola munthu kuwafulumizitsa. Pamene pamveka chitsulo ankazikapo kabango. Amayi ankadikira kumbali akucheza, iwo akamaliza n'kulowa ndi makasu.

Tinkapita Loweruka lililonse, ndi masiku ena alamu akakhala kuti alibe ntchito. Nthaka inatibwezera zinthu zambiri zimene sitinkafuna: misomali yosawerengeka, masupuni, loko wa chitseko, khasu lakale, tcheni cha njinga imene sitinakhalepo nayo. Chilichonse chikatuluka amayi ankachikweza m'mwamba n'kufunsa mwini wake, anthu n'kuseka. Pamene tinkatsika m'pamene miyala yakuda inkachuluka, ndipo alamu ankaima pafupipafupi kuzoloweretsanso chipangizo, chifukwa dothi la pano linkasiyana ndi la apo ngakhale pali pafupi. Nthawi zina akatopa makutu ankandiveka ine zomvera, iwo n'kumayendetsa ndodo. Ndinazika mabango ambiri pamiyala, koma ndinapezanso ndekha chivundikiro cha poto, ndipo ndinanyada nacho.

Tinayambira pamene tinkaganiza kuti panali khonde, ndipo tinasenda mpaka kufika pa maziko osapeza kanthu. Anthu anayamba kuchepa, chifukwa aliyense anali ndi zokolola zake zoti asamale. Kenako tsiku lina, kumunsi kwenikweni kwa mulu, cha kumene madzi ankatsikira, kunatuluka sizasi yanga. Ndinaizindikira ndi kansalu kamene ndinakulunga pachogwirira. Sizasiyo ndinaisiya mu dilowa ya tebulo la makina. Alamu anayang'ana pamene panali khonde, anayang'ana pamene tinaima, n'kunena kuti matope anakokera zinthu kutali kuposa mmene tinkaganizira. Tinasamutsa zingwe.

Kumunsiko dothi linali lakuya ndiponso lodzaza miyala. Tinasenda kangapo osapeza china. Madzulo ena tikutsika, abambo a ana anandiuza mofatsa kuti anthu atopa, ndipo si bwino kupitiriza kuwavutitsa chifukwa cha chinthu choti mwina chinaphwanyika kale. Ankanena zoona. Ndinavomera kuti Loweruka likubweralo likhale lomaliza, ndipo ndinakawauza alamu. Anangoti chabwino.

Tsikulo tinalipo ochepa. Chapakati pa kanjira kena panali mwala waukulu wakuda, wotulukira pang'ono pamwamba. Chipangizo chinalira motambalala monga chinkachitira pamiyala yonse, ndipo alamu anapitirira. Atayenda pang'ono anaima, anabwerera, anauzungulira mwalawo kuchokera mbali ina, kenako mbali inanso. Anavula zomvera n'kundipatsa.

“Tamverani apa alamu. Musandiuze zimene mukufuna kumva, mundiuze zimene mukumva.”

Ndinatseka maso. Kulira kwa mwala kunalipo, kotambalala kuja, koma chakumapeto kwake kunali kanthu kena kakang'ono, kosasa, kamene sikankasuntha mbale ikachokera kulikonse. Ndinawauza choncho, ndipo ndinawonjezera kuti mwina ndi mtima wanga chabe. Anati nawonso akukayika, koma mwalawo uchoke. Amuna anauzika mapiki pansi, anaugwedeza, n'kuugubuduzira kumunsi. Alamu anazoloweretsanso chipangizo pambali, anabweretsa mbale padzenje lomwe mwala unasiya, ndipo chinalira mokweza moti ndinamva ndili chapatali, zomvera zili m'makutu mwawo.

Analetsa makasu. Anagwada n'kuyamba kufukula ndi kamtengo ndi zala, kuchokera m'mbali, pang'onopang'ono, monga anazolowera. Amayi aja anabwera n'kutizungulira, ena atagwira mapewa a anzawo kuti aone. Choyamba kuoneka chinali nsalu yowola, ndipo ndinadziwa maluwa a chitenje changa. Kenako zala zawo zinapukuta chinthu chopindika, ndipo linali gudumu la makina. Mayi wina anayambitsa nyimbo yoyamika, ena analandira, ine ndinalephera kuimba. Ndinagwada pambali pa alamu n'kumafukula nawo. Tebulo linali litathyokathyoka, chopondera chitapita kwina, koma mutu unali wathunthu, utagona chammbali, dothi litadzaza paliponse polowa.

Titautulutsa ndinayang'ana alamu kuti ndiwathokoze, koma anali atachoka. Ndinawapeza atakhala pachitsa kuseri kwa mulu. Ndinawapatsa madzi, anamwa. Kenako anati:

“Zaka zonse zija, ndikayamba kufukula anthu ankathawira kutali. Lero ndamva anthu akundipumira m'khosi, ndiye thupi lasokonezeka. Musadandaule, zitha.”

Ndinakhala nawo pamenepo mpaka atakhazikika. Mawu othokoza amene ndinakonza sanatuluke, ndinangoti zikomo alamu, iwo n'kugwedeza mutu.

Makinawo tinapita nawo ku Songani kwa bambo wina wokonza makina osokera ndi njinga. Anawayang'ana, anayesa kupotokola gudumu, silinasunthe. Anati salonjeza. Anawamasula chidutswachidutswa n'kuviika zonse m'palafini, ndipo ndikapita kukaona ndinkapeza beseni lili lofiira. Kachitsulo kogwira singano kanali katapindika, anachita kuchotsa pa makina ena akufa. Maluwa agolide amene anali pathupi pake anapita ndi dzimbiri. Kalipentala wa ku Likangala anakhoma tebulo latsopano, ndipo chopondera chinapezeka kwa telala wina wokalamba amene anasiya ntchito. Tsiku limene ndinapondanso koyamba, makinawo anadumpha ulusi, anadula singano, kenako anagwira mzere n'kuyenda. Mawu ake anasintha, analowa kukhosi pang'ono, koma msoko unali wowongoka.

Kumalo otsetsereka kuja sitinabwerereko. Tinapeza malo athyathyathya kufupi ndi achemwali, tinaumba njerwa, ndipo khonde ndinauza amisiri kuti liyang'ane kumsewu. Miyezi yoyamba ndinasoka zigamba ndi mayunifolomu a ana a amayi onse amene anabwera ndi makasu, ndipo amene ankafuna kutulutsa kanthu ndinkawabweza. Ena a iwo anamwalira, ena tikumakumanabe kumaliro ndi kumaukwati, ndipo tikaonana amafunsa za makina asanafunse za ana.

Alamu anakana chilichonse. Nkhuku anabweza, malaya anati ali nawo okwanira. Ndiye ndinaona kuti chipangizo chawo ankachinyamulira m'thumba la feteleza long'ambika, ndipo ndinaganiza zowasokera chikwama. Ndinagula nsalu yolimba ya tenti kumsika, ndinaika thumba la mabatire ndi lina la zomvera, ndi lamba wokolekera paphewa. Pofuna kuti chikhale chodzidzimutsa sindinayese chipangizocho ndi tepi, ndinangoyerekeza ndi maso, ine telala wa zaka zambiri. Chikwamacho chinafupika. Ataikamo chipangizo, chogwirira chinatsala panja, zipi osatseka. Ndinachita manyazi ndipo ndinati ndichitenge ndikawonjezere nsalu, koma anachikoleka paphewa n'kunena kuti chili bwino choncho, sachedwa kuchitulutsa. Anayenda nacho m'tauni ya Zomba zaka zambiri, akupita kukafuna mapaipi a anthu, chogwirira chili pamtunda kuseri kwa khutu lawo, ndipo nthawi zonse ndikapempha kuti ndichikonze ankati mawa.